Mizere Iwiri pa Mpopi wa ku Nsungwi

Ndaona kuti n'koyenera kulemba nkhaniyi chifukwa kukoleji taphunzira za maganizo akuluakulu a ndale, ndipo anzanga ambiri akuyesa kuti zimenezi zimapezeka m'mabuku mokha. Ine ndinaziona ndi maso pa mpopi wa m'dera lathu ku Nsungwi, mayina ake ndisanawadziwe n'komwe.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, mpopiwo unkawonongeka kawirikawiri, motero anthu anagwirizana zosankha wapampando watsopano wa komiti youyang'anira. Opikisana anali awiri. Oyamba anali eni nyumba imene timachita lendi, bambo a ku Ntcheu amene anapuma ntchito ku Kanengo. Iwo ankati mpopi uperekedwe kwa munthu mmodzi aziuyendetsa ngati bizinesi, poti chinthu cha aliyense chilibe wochisamala. Achiwiri anali atelala achisilamu a pamsika. Iwowa ankati madzi si tomato; mpopi ukhale wa tonse, mabanja azisinthana pousamala.

Vuto linali kavotedwe. Pa zisankho zoterezi sitiponya pepala m'bokosi. Opikisana amaima atafulatira, ovota n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Kuwerenga kukatha, wopikisana amacheuka n'kuona nkhope zonse. Amayi anga, amene amatilera okha, mtima wawo unali kwa atelala. Koma nyumba yathu ili pafupi ndi siteji ya maminibasi, ndipo ofuna kulowamo sasowa.

M'mawa wa tsikulo anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Iwe ukaime kwa alandilodi. Ine ndikaima kwa atelala."

"Amayi, voti ndi ufulu wa munthu. Tinaphunzira."

"Ufuluwo ukagona nawo pansi pa mtengo? Ukaime kutsogolo kwenikweni. Ndiwe wamtali, akakuona."

Ndinamvera. Atelala anapambana ndithu. Alandilodi pocheuka anayamba kuona ine, kenaka maso awo anayenda mumzere winawo mpaka anawapeza amayi.

Panapita masiku atatu opanda moni pa puloti. Amayi ankasesa bwalo lonse, mpaka pakhomo pa eni ake, koma nkhani ya nyumba sankaitchula. Tsiku lachinayi tinamva odi. Anali alandilodi. Ndinawapatsa mpando, amayi n'kukhala pamkeka.

"Mayi, ndinakuonanitu."

"Ndinaima poonekera dala, bambo, kuti musavutike kundifunafuna."

"M'nyumba muno wanzeru ndi mwana wanuyu basi."

"Nzeruzo anayamwa kwa ine."

Alandilodi anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Chabwino, mwawina. Telala wanuyo akuti puloti ino isamale mpopi sabata yamawa. Ine ndi msana wangawu sindingakolope. Ndizikhala pampando ndi kiyi, inu muzitsuka."

"Ndiye mwaupezabe mpando," anatero amayi.

Mpaka lero tikukhala m'nyumba yomweyo. Mpopi umawonongekabe, ndipo ukawonongeka alandilodi amayenda khomo ndi khomo kukumbutsa anthu zimene ankanena, kenaka amatenga sipanala n'kukathandiza atelala kuukonza. Ndivomere kuti mfundo zawo zina zinandigwira mtima tsiku lija, kotero sindidziwa bwinobwino ngati ndinaima kumbuyo kwawo chifukwa cha nyumba kapena chifukwa chowakhulupirira.

Amene munalipo, ngati ndasokoneza dongosolo la zochitikazi kapena ndawaika wina mawu m'kamwa, chonde nditumizireni zokonza. Chimodzimodzinso amene mwapeza cholakwika m'Chichewa changa, musandibisire.