Galu wa Abu Jasim Wokana Kuthamanga Pagulu

Grayson Chikakuda anabwera ku Doha ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, pa kontirakiti ya ulonda. Kwawo n'kumapiri a ku Dedza, kumene anakulira pakati pa agalu a uzimba, moti ankatha kudziwa za mumtima mwa galu pongoona khutu ndi mchira. Za mumtima mwa anthu analibe nazo ntchito. Ankayankhula mwa apo ndi apo, ndipo akatsegula pakamwa wina ankatsala akudzikanda. Amalawi asanu amene ankagona nawo chipinda chimodzi ku Umm Ghuwailina anam'patsa dzina loti Kambuzi, ati chifukwa anali wamfupi koma wowawa ngati tsabola uja.

Zaka ziwiri anaima pageti la nyumba ina ya maofesi ku Al Mirqab. Tsiku lina masana Mwarabu wina wolemera, Abu Jasim, atatsegula chitseko cha galimoto, galu wake anadumpha n'kuyamba kuzungulira pakati pa magalimoto. Alonda ena anam'thamangitsa akukuwa, galu uja n'kumangopengera. Grayson anawatukwana onse kuti aime. Ananjuta pansi, anayang'ana kumbali ngati alibe naye kanthu, n'kudikira. Pasanathe mphindi zitatu galu anabwera yekha kudzam'nunkhiza bondo. Mwezi womwewo mapepala ake a ntchito anasinthidwa, ndipo anapezeka ali kufamu ya Abu Jasim kunja kwa mzinda, kumene kunali ngamila zisanu ndi agalu khumi a mtundu wa saluki.

Kumeneko anapezako Mmalawi mnzake, Wongani Mhango, dalaivala wa bwana. Wongani anali wamng'ono kwa Grayson ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma anali atagwirako zaka zinayi, ankayankhula Chiarabu, ndipo ankanunkhira mafuta okwera mtengo omwe bwana ankam'siyira. Tsiku loyamba lomwe anam'londolera fosholo ndi payipi.

"Achimwene, zida zanu ndi izi," anatero. "Agalu akuno si aja akwanu odya madeya. Mmodzi yekha akhoza kugula mudzi wanu wonse. Inu muzingowola manyi, khalasi, nkhani yatha."

Grayson anatenga fosholoyo, koma mawuwo anawasunga.

Saluki ndi galu wa miyendo italiitali, wowonda ngati wadwala chaka chonse, koma pa liwiro alibe mnzake. Nyengo yozizira eni ake amapita nawo kuchipululu kukapikisanitsa. Galimoto ya pikapu imatsogola itapachika chikopa cha gwape pachitsulo chachitali, agalu n'kumachithamangira mtunda wa makilomita awiri, kwinaku eni ake akuyendetsa magalimoto m'mbali, akuliza mahutala ndi kukuwa maina a agalu awo.

Pa agalu khumi aja, Grayson anakopeka ndi wamkazi wina wofiirira, dzina lake Shamali, kutanthauza mphepo ya kumpoto. Posakhalitsa anayamba kupita nawo kokaphunzitsa m'mawa uliwonse, chifukwa galuyo sankafuna kukwera galimoto popanda iye. Kumeneko Shamali ankasiya anzake kutali ngati aima. Abu Jasim ankayang'ana wotchi n'kumapukusa mutu mosakhulupirira.

Koma atafika naye pa mpikisano weniweni, zinali zamanyazi. Ulendo woyamba, mbendera itatsika, anzake onse anaphulika, iye anangokhala pansi. Ulendo wachiwiri anathamanga pang'ono, n'kukhota, n'kukalowa pansi pa galimoto ya madzi. Anam'tulutsa akunjenjemera, anthu akujambula pa mafoni n'kumaseka. Abu Jasim anabwerera kufamu. Atatsika anangoti, "Khalasi. Galu uyu ndim'pereka kwa aliyense wom'funa."

Wongani sanachedwe. Anauza bwana kuti vuto ndi Grayson, ati amam'dyetsa kwambiri ndi kum'sasatitsa ngati khanda. Anazinena m'Chiarabu, koma Grayson anamva dzina lake kawiri, ndipo anaona diso limene bwana anam'ponyera.

Masiku atatu Grayson anangoganiza. Anayamba kufanizira m'mawa wa kufamu ndi tsiku la mpikisano. Kufamu kunkakhala anthu atatu, galimoto imodzi, ndi phokoso la mphepo basi. Akafika, pasanathe mphindi khumi galu wamasulidwa, ndipo wom'gwira ankakhala iye. Ku mpikisano galu ankakhala m'bokosi lake la waya maola atatu. Ankam'veka kamalaya ka nambala komwe sanakavalepo. Zokuzira mawu zinkabangula, magalimoto makumi asanu akuliza mahutala, agalu achilendo akuuwa mbali zonse. Ndipo pamzere woyambira wom'gwira anali Wongani, poti ndiye amene bwana anam'lembetsa, ndipo ankam'kanyanga pakhosi ngati mbuzi yopita kokaphedwa.

Grayson anapita kwa Abu Jasim ndi Chingelezi chake chodukaduka. Anam'fotokozera kuti galuyo alibe vuto m'miyendo, koma kuti akum'phunzitsa chinthu china, pa tsikulo n'kukam'funsa chinthu china. Anapempha miyezi inayi. Wongani anali pomwepo, akumwetulira bwana kwinaku akuyankhula Chichewa chapansipansi.

"Madala, mwasanduka pulofesa wa agalu tsopano? Setifiketi yake munatengera kuti, pageti paja?"

"Iwe tseka pakamwa, ndikuyankhula ndi mwini agalu," anatero Grayson osam'yang'ana.

Abu Jasim anavomera monyinyirika. "Mpaka Januwale. Akalephera, iwe ndi galu wako yalla, muchoke nonse."

Grayson anayamba ndi phokoso. Anapeza mavidiyo a mipikisano pa foni, n'kumawaliza pa kasipika nthawi ya chakudya, poyamba chapansi kwambiri. Shamali akadya osatukula mutu, mawa lake ankakweza pang'ono. Kamalaya ka nambala ankam'veka tsiku lililonse mpaka kanasanduka ngati khungu lake. Ankam'lowetsa m'bokosi, kum'yendetsa pa galimoto, kum'siya adikire ola limodzi, kenako awiri, asanathamange. Anapempha wophika wa ku Nepal ndi woweta ngamila wa ku Sudan kuti azisinthana kum'gwira pamzere, iye ataima patali. Nyama yomwe ankayenda nayo m'thumba anaisiya, poti ku mpikisano saloleza, ndipo galu anazolowera kuti mphotho yake amaipeza akabwerera kugalimoto.

Panatsala mahutala. Apa panafunika dalaivala. Grayson anameza malovu n'kupita kwa Wongani.

"Mawa uime kutali, cha pa mpanda paja. Ulize kamodzi kokha, pang'ono. Tizisendera tsiku ndi tsiku."

"Mafi mushikila, palibe vuto, achimwene. Zing'onozing'ono zimenezo."

M'mawa mwake Wongani anaimadi pa mpanda. Koma woweta ngamila atangom'gwira Shamali pamzere, Wongani anaponda moto, anafika pafupi ngati mayadi atatu, n'kukanikiza hutala osachotsa dzanja. Galu analira ngati wapondedwa, anapulumuka m'manja, n'kuthawira kuseri kwa khola la ngamila. Anakodza pomwe anabisalapo.

Grayson anafika pa galimoto asakudziwa kuti wayenda bwanji. Anatsegula chitseko, anam'gwira Wongani pa kolala n'kum'kokera pansi.

"Masabata asanu! Masabata asanu wandiphera ndi chala chimodzi! Galuyu wakulakwira chiyani?"

"Ndisiyeni madala, mung'amba shati. Ku mpikisano muziwauza kuti alize pang'onopang'ono? Ine ndimakuthandizani kutirena."

"Ukunama, njoka iwe. Ukuopa kuti galu akathamanga bwana adziwa kuti zaka zinayi zonsezi umangonunkhira."

Woweta ngamila ndiye anawaleretsa. Madzulo ake Wongani anakaripota kwa bwana kuti Grayson wam'menya, akuonetsa batani lothothoka. Abu Jasim anamuitana Grayson n'kum'lozera kumene kuli bwalo la ndege. Anamuuza kuti akadzangogwiranso munthu, tikiti yake ilipo kale. Za hutala sanafune n'kumva komwe.

Grayson anayambiranso pachiyambi. Sabata yathunthu Shamali ankakana kudya sipika ikalira, ndipo Grayson ankakhala naye pansi m'khola, msana atatsamira khoma, mpaka galuyo atanyambita mbale. Za mahutala anapempha munthu wobweretsa madzi kufamu, yemwe ankaliza hutala ya bauza yake, galimoto ya madziyo, ali kumsewu. Lachisanu lina anapita ku Umm Ghuwailina kukapempha anzake akale kuti abwere adzakuwe ngati gulu la ku mpikisano. Anam'seka mpaka kugwira m'mimba.

"A Kambuzi, tasiya ana kumudzi kuti tidzachemerere galu? Ofu yathu ndi imodzi pa sabata."

Anayi anabwerabe atamva kuti kukhala nyama yowotcha. Anakuwa, anaimba nyimbo za ku mpira, anamenya zigubu, ndipo Shamali anawadutsa osatembenuka.

Chovuta kuposa zonse chinali chakuti pa tsikulo wom'gwira adzakhalabe Wongani. Bwana anakana kusintha dzina. Ndiye Grayson anayenera kuphunzitsa galu kukhulupirira dzanja la mdani wake. Anatola shati yakale ya Wongani yomwe ankapukutira galimoto, yonunkhirabe mafuta aja, n'kuiyala pogona pa Shamali. Kenako anadikira tsiku lomwe Abu Jasim analipo, podziwa kuti pamaso pa bwana Wongani sangachite mwano.

"Dzanja limodzi pansi pa chifuwa, linalo pa lamba. Usam'finye pakhosi. Usayankhule naye. Mbendera ikatsika ungotsegula manja, usam'kankhe."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Wongani, mano ali pamtunda koma maso ali gwa.

Anabwereza zimenezi m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, anthu awiri osapatsana moni, galu ali pakati.

Tsiku la mpikisano kunali mphepo yozizira yonyamula mchenga. Grayson sanaloledwe kufika pamzere. Anaima kuseri kwa chingwe pamodzi ndi antchito ena, manja ali m'thumba la jekete. Anaona Shamali atavala nambala seveni, makutu ali chilili, akuyang'ana chikopa chokha. Mahutala anayamba. Galu sanagwedezeke. Mbendera inatsika, Wongani anatsegula manja, ndipo Shamali anachoka ngati mwala wa pa legeni. Pa agalu khumi ndi awiri anafika wachiwiri. Pa mpikisano womaliza, patapita sabata, anafika wachitatu.

Tsiku lomalizalo Grayson anapeza kuti akulira, ndipo anakwiya nazo. Anapukuta maso ndi mkono n'kupita kukatenga madzi a galu. Pobwera anapeza Abu Jasim atakumbatira Wongani, anthu akuwajambula, Shamali ali pakati pawo akupuma wefuwefu, lilime lili panja. Palibe anam'patsa madzi mpaka Grayson anadzipanikiza pakati pa anthuwo ndi mbale.

Wophika uja ndiye anamuululira Grayson zonse. Kwa miyezi iwiri, poyendetsa bwana kupita ku ofesi, Wongani ankafotokoza za sipika, za kamalaya, za shati, ngati nzeru zake zomwe akutuma Grayson kuti achite. Sabata yotsatira Abu Jasim analengeza kuti Wongani ndiye mkulu wa agalu onse, ndipo Grayson azimuthandiza.

Grayson sanakadandaule. Anapempha kuti amumasule abwerere ku kampani ya alonda, ndipo bwana anasaina osafunsa chifukwa. Tsiku lochoka analowa m'khola, anam'sisita Shamali kuseri kwa khutu kanthawi, n'kutuluka. Wongani anali pakhomo ndi makiyi a galimoto.

"Ndikuperekezeni, achimwene?"

"Ndikwera bauza."

Lero Grayson amalondera nyumba ina ya mafulati ku Rawdat Al Khail, shifiti ya masana. Mwezi wa Okutobala chaka chathachi foni yake inalira, nambala ya Wongani. Mawu ake anali ofewa zachilendo. Bwana anagula galu wina wamphongo, wothamanga kwambiri kufamu, koma atangomuyesa pagulu anayamba kuluma anzake pamzere. Sipika anayesa, shati anayesa, sizikuthandiza.

"Mungandithandizeko maganizo, achimwene? Bwana akundipanikiza."

"Nzeru zija zinali zako. Kafufuze pomwe unazisiya," anatero Grayson, n'kudula foni.

Anakhala pampando wake wa pageti mpaka dzuwa linapendeka, akutsegulira anthu mokalipa. Mutu wake unali pa galu amene sanamuonepo, yemwe ankadziwa kuti tsopano akumenyedwa ndi lamba chifukwa cha mantha omwe palibe akuwaona. Itakwana faifi anatulutsa foni n'kujambula uthenga wa mawu wa mphindi khumi ndi imodzi. Sanapereke moni. Anayamba ndi kunena kuti Wongani ndi mbava yopanda manyazi. Kenako anafotokoza bwinobwino kuti galuyo amuimike kutali ndi anzake mayadi makumi awiri, azim'sendeza pang'ono masiku atatu alionse, ayambe ndi galu wamkazi wofatsa, ndipo akangoona milomo ikukwinyika abwerere m'mbuyo osam'kalipira. Anamaliza ndi kum'chenjeza kuti akadzamva kuti wam'menya galuyo adzabwera yekha kufamuko, za tikiti zilibe kanthu. Atatumiza, anaitseka nambalayo.

Wongani sanathokoze, ngakhale kudzera mwa munthu. Amalawi a ku Doha akasonkhana, kaya ndi pa mwambo wa tsiku lachisanu ndi chimodzi la Julaye kaya pokonza zotumiza maliro kumudzi, onse awiri amabwera. Okonza mipando anazolowera kale, wina amam'khazika kutsogolo, wina kumbuyo cha kukhomo.