Mkamwini Woyankhula ndi Babu

Ku Dambwa North kunalibe munthu wosawadziwa Ba Misheck Mudenda, okonza magetsi ku eyapoti. Ine ndinali neba wawo, mpanda umodzi, ndipo ndinkawakonda ngakhale masiku ena ndinkalakalaka kuwathira madzi. Anali bambo wowonda, woyamba kuseka asanamalize nkhani yake, ndipo m'thumba la malaya awo simunkasowa timawaya. Mu 1996 kampani ina yonyamula alendo okaona mathithi inataya makompyuta awiri akale. Anzawo anaona zinyalala, iwo anaona ana amasiye, n'kubwera nawo kunyumba pa wilibala.

Anadziphunzitsa okha kulemba pulogalamu yosandutsa zilembo kukhala kuphethira kwa babu la tochi, A kaphethiridwe kake, B kakenso. Kompyuta iliyonse anaipatsa babu ndi kadiso kochotsa pa nyale zija zimayaka zokha kukada, kadisoko n'kukabisa mumpope wakuda kuti dzuwa lisakasokoneze. Ukalemba kuno, babu limaphethira, mawu n'kutulukira pagalasi la kompyuta inayo. Tsiku limene MULI BWANJI anawoloka tebulo bwinobwino, bamboyo anavina pabwalo ali ndi nsapato imodzi.

"Ba Misheck," ndinatero ndili pampanda, "simungakambe chabe na pakamwa?"

"Ba Monde, pakamwa ni fashoni yakudala!"

Chonsecho pakamwa ndi pamene panali vuto lawo. Mkazi wawo Fridah anali wa banja lochokera ku Katete, ndipo awiriwo ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya amake Fridah. Asanakwatire, anzawo a ku eyapoti anawaopseza kuti anthu a kum'mawa salola mkamwini kuyang'ana kapena kuyankhula ndi apongozi. Ba Misheck anaugwira mwambowo ndi manja awiri, n'kuwonjezapo miyendo. Apongozi akatulukira pakona, iwo ankadziponya mumpanda. Tsiku lina ndinawapeza atanjuta kuseri kwa dramu la madzi, tayi ili m'khosi, basi ya kuntchito ikuliza hutala pamsewu.

Zaka zinapita chotero, Fridah ndiye wonyamula mawu. Kenako Fridah anapita kukosi ya unamwino ku Ndola. Ine ndi amake tinkagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, moyandikana pamsika wa ku Maramba, ndipo m'mawa wina mayiwo anandiuza akukung'untha jekete: "Mwana wanga akabwela asankhe, ine olo uja mwamuna. Anizonda, nalema naye." Nkhani yotere siigona m'kamwa mwanga. Ba Misheck atamva, anakhala pansi pomwepo. Ukwati unali pangozi, wowanenera ali ku Ndola, iwo osaloledwa kudzikambira.

Munthu wanzeru akanandituma ine. Koma iwo anati ndimathira mchere wambiri m'nkhani, zomwe ndi bodza lamkunkhuniza. M'malo mwake, Loweruka masana mayi ali kukwaya, tinanyamula kompyuta imodzi kukaiika pabalaza pawo, mpope utaloza pawindo la mkamwini. Iwo anathamangira kwawo, ine ndinatsala kudikira mwini nyumba.

Mayi atalowa anaima chilili, chikwama chili m'khwapa. Ndinawafotokozera, kenako ndinaimika dzanja pawindo kuti uko ayambe. Sipanatuluke kanthu. Chitenje cha mayiwo chinali pachingwe, pakati penipeni pa mawindo awiriwo. Nditachanula, babu la kutsidya linayamba kuphethira ngati mwana wakuba shuga, ndipo zilembo zinabwera chimodzichimodzi: MAYO NDINE MISHECK. NALAKWA CHANI.

"Ni mkamwini akamba apa?" anafunsa mayi.

"Ni babu ikamba, mayo."

Anaganiza kaye. "Makolo sanakambepo za babu." Anakoka mpando, navala magalasi, nayamba kujompha mabatani ndi chala chimodzi, lilime lili panja. MUNITHAWA CHIFUKWA CHANI.

NI MWAMBO WANU MAYO.

Ndinaganiza kuti aphwanya makinawo. Anawomba m'manja, anaitana dzina la malemu amuna awo, kenako anaseka mpaka duku linasendekera. Paja kwawoko mwambowu uli ndi mathero. Banja likakhazikika, apongozi amaphika nkhuku n'kupita nayo kwa mkamwini, iye akadya ndiye kuti atsegulidwa pakamwa. Mayi anaphika nkhukuyo chaka choyamba chomwe. Anaphikanso, naphikanso. Nthawi iliyonse akatulukira ndi mbale, ankangoona zidendene zikulowa mumpanda. Fridah naye ankayesa kuti mwamuna wake akudziwa, koma sakufuna.

Zonsezi anandiuza ine ndi pakamwa. Kwa mkamwini anangolemba kuti NKHUKU ZANGA ZINASILA NIKUKUPISHANI NA MBALE.

Kutsidya kunamveka mpando ukugwa. Mayi anajomphanso: BWELANI.

Pabwalopo mwana wokwawa sangachedwe kuwoloka, koma Ba Misheck anayenda ngati akupita kukhoti. Pakhomo anagwada, mutu uli pansi, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Munthu wophunzitsa babu kuyankhula analibe ngakhale liwu limodzi.

"Ngenani, mwana wanga," anatero mayi. "Lelo ndiyo ni chibwabwa chabe. Muzadya chamene icho."

Ba Misheck anasamba m'manja, natema mbamu, nasunsa m'nkhwanimo, nameza. Kenako anakweza maso, kwa nthawi yoyamba chikwatirire, n'kuwayang'ana apongozi awo kumaso. Anawayang'anitsitsa mpaka mayi anachita manyazi ngati kamtsikana.

"Mayo," anatero Ba Misheck, misozi ili mbwembwembwe, "kansi Fridah kumwetulila anatengela imwe."

Ine ndinatuluka msanga, kuti asandione nanenso ndikupukuta misozi.