Nkhope ya Delfina Inatuluka Yobiriwira

Mkazi wanga Delfina ankandiseka ndikamapanga impresora yangayanga, makina osindikizira, kwathu ku Mpadue, ku Tete, potsatira mapulani amene anthu amagawana ulere pa intaneti. Mota ndi malamba sizinavute. Chinandikanika ndi kamutu kolavula tinta, inki yosindikizira, kamene opanga ake amabisa kagwiridwe kake.

Delfina atamwalira, ndinalonjeza amayi ake kuti chithunzi cha pa misa yomukumbukira ndisindikiza ndekha. Pepala linatuluka pang'onopang'ono. Nkhope yake inali yobiriwira, mizere yakuda itadula pakamwa.

Ndinatenga nyundo. Ndinamenya impresora ija mpaka zidutswa zinagwera m'ndowa ya madzi akumwa, tinta itandithira m'mano. Chala chinang'ambika, koma sindinasiye.

Apongozi atalowa, ine munthu wophunzira ndinabisa nyundo kumbuyo ngati kamwana. "Amayi, magetsi anabwera mwamphamvu, awononga makina."

"Kodi magetsi a ku Tete ayamba kuyenda ndi nyundo, bambo?"

Anawerama, natola pepala lija pakati pa zidutswa, napukuta magazi anga ndi kapulana wawo, chitenje chimene anavala.

"Mwana wanga ndi yemweyu."

Ku misa anaimika chithunzi chomwecho kutsogolo. Bodza la magetsi sindinalibweze mpaka lero.