Mmene a Dayirekitala Anakanira Kusauka

Alamu anga amakhoma mipando ya sofa, koma salola kutchedwa mmisiri. Pachikwangwani cha shopu yawo analembetsa kuti ndi Dayirekitala, ndipo msewu wonse umawatcha choncho, ena mwaulemu, ambiri pofuna kuseka. Shopuyo ndi chipinda chimodzi chonunkha guluu, chodzaza masiponji ndi zidutswa za nsalu. Pakona panali makina awiri osokera nsalu zolimba, ndipo ndiwo ankadyetsa banja. Mlongo wanga ankasoka pamenepo tsiku lonse, eni ake ali pampando wozungulira, kuyankha foni imene siinkalira kawirikawiri.

Pa za msonkho anali ndi chiphunzitso chawo: amapereka ndi munthu wopanda omudziwa. Iwo anali naye wowadziwa, bambo wina wa jekete lachikopa amene ankaima pageti la ofesi ya msonkho. Ankalandira kangachepe n'kunena kuti, "Zatheka, bwana, kagoneni." Anagonadi, zaka zingapo. Anadzuka tsiku limene anthu awiri a msonkho analowa m'shopumo, n'kulemba manambala a makina aja, n'kunena kuti ngongole ikapanda kukonzedwa adzawanyamula. Wa jekete uja, zinadziwika pambuyo pake, anali asanagwirepo ntchito muofesiyo ngakhale yosesa.

Mlongo wanga ndiye anapeza akauntanti, mayi wosalankhulitsa amene ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Mayiyo anasanthula marisiti amene anabwera m'jumbo, napeza zinthu ziwiri. Choyamba, chilango ndi chiwongoladzanja zinali zitaposa msonkho weniweniwo. Chachiwiri, bizinesi inalidi itagwada: maoda anachepa, lendi inali m'mbuyo. Ichi chachiwiri ndicho chinali chipulumutso chawo, pakuti munthu wovutikadi amatha kupempha kuti amuchotsere chilango, ndipo zotsalazo azipereka pang'onopang'ono.

"Sindikukupemphani kunama, bambo," anatero akauntanti. "Mukangonena zoona basi, kuti ntchito yachepa. Zina zonse ndilankhula ine."

"Mwamva, bambo a ana?" mlongo wanga anafunsa. "Pakamwapo mukatsekeko lero lokha."

"Iwe, ine ndayankhula ndi anthu akuluakulu kuposa akalaliki amenewa."

Si kawirikawiri pamene choonadi chimakhala kumbali ya munthu wotere. Chinawagwera ngati mphatso, ndipo sanadziwe pochiika.

Anapita ku ofesi ya msonkho limodzi ndi mlongo wanga ndi akauntanti uja, iwo atavala suti ya ukwati ndi wotchi yosayenda. Ofesiyo ndi holo yaikulu, madesiki oyandikana, moti zokamba za munthu mmodzi zimamveka kwa onse odikira pabenchi. Wowalandira anali bambo wachikulire, wotopa koma wachifundo. Anawerenga mapepala a akauntanti modekha, akugwedeza mutu, mpaka anatenga cholembera kuti avomereze.

"Ndaona, bambo," anatero. "Anthu ovutika ngati inu timawamvetsa. Sitifuna kupha shopu yoti ikupuma movutikira kale."

Pabenchi paja panakhala mwini sitolo ya matabwa, amene alamu anga amakongolako mitengo. Anakweza maso. Sanachite china chilichonse, anangokweza maso.

"Ovutika ndani?" a Dayirekitala anafunsa.

Akauntanti anawaponda phazi pansi pa desiki. Iwo analisuntha.

"Achimwene, musandione chonchi. Mahotela atatu amakhalira mipando yanga. Mwezi uno wokha ndabweza maoda chifukwa chosowa malo. Ndikutsegula nthambi ina, lole ili m'njira."

"Bambo a ana!" mlongo wanga ananong'ona. "Lole yake iti?"

Wa msonkho uja anaika cholembera pansi. Anatsegulanso mapepala aja, nawayang'ana tsamba ndi tsamba, mosafulumira.

"Mahotela amenewa sindikuwaona muno," anatero. "Ndiye mundithandize. Kapena mapepalawa ndi oona ndipo mwangokometsa nkhani, zomwe zimachitika, tonse ndife anthu. Kapena zimene mwanenazi ndi zoona ndipo pali ndalama zimene simunaulule. Chiti?"

Ndaganizira kwambiri funso limeneli. Munthuyo anawatsegulira chitseko, nawagwirira kuti adutse. Chimene chinkafunika ndi kuseka pang'ono n'kunena kuti, pepani, lilime linathamanga. Mtengo wake unali manyazi a kanthawi pamaso pa wogulitsa matabwa, munthu amene ankadziwa kale kuti alamu anga alibe kanthu, popeza ngongole yake yomwe inali isanabwezedwe. Mbali inayo kunali makina, lendi, sukulu ya ana, ndi msana wa mkazi amene anaupinda zaka zonsezi.

A Dayirekitala anakonza tayi.

"Mayi awa sadziwa zonse," anatero, akuloza akauntanti. "Bizinesi yaikulu siiululidwa yonse kwa munthu waganyu."

Akauntanti anatseka chikwama chake. Anauza wa msonkho kuti iye analemba zimene anapatsidwa, ndipo kuyambira pamenepo sakuwaimiranso bambowa. Potuluka anagwira mlongo wanga paphewa. "Pepani, asisi. Manambala ndimatha kukonza."

Pempho linakanidwa. M'malo mwake a msonkho anatumiza anthu oti adzafufuze mahotela amene kulibe, ndipo atawasowa, chifundo chinali chitatha kale. Makina onse awiri anakwezedwa pagalimoto dzuwa likuswa mtengo, msewu wonse ukuonerera.

Mlongo wanga tsopano amasokera mmisiri wina kuseri kwa msika, amene amamulipira pa mpando uliwonse. Alamu anga amatsegulabe shopu m'mawa uliwonse, ngakhale mulibe chosokera. Aliyense wofunsa za makina amamuuza monyadira kuti a msonkho salimbana ndi timashopu, amatsata makampani akuluakulu okhaokha.