Masuku a Ambuye

"Amake Malita, kodi mwana wanuyu satopa kufunsa kuti Ambuye afika liti?" Anandifunsa choncho anzanga oyandikana nawo nyumba, ine ndikusankha masuku m'lichero. Ndinaseka, koma fungo la masukuwo linandibwezera kutali.

Ndili mwana, ambuye anga, bambo a mayi, anapita ku Halale kukafuna ntchito. Mvula ili pafupi kugwa, kunabwera mphunzitsi kumudzi kwathu, nalalikira kuti, "Ambuye ali pafupi! Adikireni ngati mmene mizere youma imadikirira mvula." Anthu anayankha, "Bwerani msanga, Ambuye." Ine ndinakuwa kuposa onse.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Titabzala, mayi ankandituma kukaingitsa anyani kumunda, koma ine ndinkakwera pathanthwe poonekera njira, nditakulunga masuku akupsa m'masamba. Munthu aliyense wa ndodo akatulukira m'nkhungu ndinkamuthamangira, minga ikundibaya.

Tsiku lina mayi anandipeza pomwepo.

"Iwe! Anyani afukula mbewu, ukutani pano?"

"Ndikudikira ambuye. Aphunzitsi anati ali pafupi."

Mayi anakhala pansi, nagwira pakamwa. "Mwanawe, amanena Ambuye akumwamba."

"Nanga athuwa?"

Mayi anadzuka, nalunjika kumunda.

N'chifukwa chake Malita sindimuletsa kufunsa. Inenso mpaka lero ndikamapemphera, maso amathawira kunjira. Chaka chimenecho masuku anaolera m'masamba, theka la munda linapita ndi anyani, ndipo ambuye anga sanabwerenso.