Mtanda Wofiira pa Khoma la Atate

Nyundo ya amayi inali ndi mpini wachitsulo wokulungidwa ndi mphira wa tayala. Ndi imene inatilera atate atamwalira. Tsiku lililonse amayi ankakhala pansi pafupi ndi nyumba yathu ku Kalingalinga, miyendo tambalale, n'kumaphwanya miyala yogulitsa kwa omanga. Fumbi loyera linkawakhala m'nsidze mpaka madzulo.

Chilimwe china kunabwera anthu a misewu, atavala zipewa zolimba. Anayeza, anakhoma zikhomo, kenaka mmodzi anajambula mtanda wofiira pa khoma la chipinda chathu chakutsogolo. Msewu wathu wa matope ndi maenje unali woti ukulitsidwe, uthiridwe phula. Kusukulu aphunzitsi anati msewu ndi chitukuko, minibasi zizidzafika pakhomo. Ine, mutu wanga wa nkhuku, ndinayamba kudzitama kwa anzanga kuti boma lasankha nyumba yathu.

Chipindacho anamanga ndi atate, mabuloko ake anaumba okha. Ndi momwenso anagona miyezi yawo yomaliza akutsokomola, bedi litagunda khoma lomwelo.

Amalume anabwera Loweruka. Ndimakumbukira mawu awo okha: “Ba sisi, boma ni boma. Mukachedwa, vimashini vizagwesa vonse.”

“Sibazagwesa,” anatero amayi. “Nizagwesa neka.”

Sanalole kuti amalume awathandize, kupatula kutsitsa malata. Anatenga nyundo ija n'kuyamba kumasula buloko limodzilimodzi, mosamala ngati akuchotsa mwana minga. Munthu amene ankaswa mwala pomenya kamodzi kokha ndi nyundo sanaswe buloko ngakhale limodzi. Mabulokowo anawaunjika kuseri, n'kuwafunditsa chitenje chakale. Sanalire, ndipo ine ndinaganiza kuti sizikuwapweteka. Lero ndikaganiza, mtima umandiwawa.

Zimashini zinabwera ndi fungo la dizilo. Malole ankatenga miyala kwa azimayi a m'dera lathu, ya amayi yomwe, n'kukaithira pa msewu. Phula litauma linali lakuda bii, losalala, lotentha kumapazi. Sindinganame, msewuwo unatithandiza: mvula itabwera, odwala sanapitenso ku kiliniki pa wilibala.

Ana tonse tinatulutsa magalimoto athu a waya. Malo anga okondedwa anali pakhomo pathu penipeni, pamene phula linayambira. Amayi akandiona ndikusewera pamenepo ankakuwa: “Iwe, choka apo! Sobelela kwinangu!” Ndinkayang'ana uku ndi uku, galimoto palibe, n'kumadabwa kuti akuopa chiyani.

Iwo eni sankapondapo. Popita kumsika ankalambalala m'mphepete mwa ngalande, n'kukawolokera kutsogolo, ngakhale atasenza katundu. Ndinkati ndi mantha a anthu akale. Sindinkadziwa kuti amayi ankaonabe makoma pamene ine ndinkaona phula, ndi kuti galimoto yanga ya waya ndinkaiyendetsa pamene panali mutu wa bedi la atate.