Mwendo wa Kamoto Unafa Anthu Akudikira

Atatsegula maso, chinthu choyamba chimene anamva chinali kuyabwa kwa chala chachikulu cha phazi lakumanzere. Anatambasula dzanja kuti akande. Dzanjalo linangogwira bulangete lopanda kanthu mkati.

Kuyambira pabondo kupita kumunsi, mwendo panalibe.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi chifukwa mtima wafooka, ndikuuziretu: munthu amene ndikufuna kukuuzani nkhani yake sanali wofatsa. Bambo ake, omwe anali owotcherera zitsulo, anamupatsa dzina loti Kamoto akadali wamng'ono, chifukwa mtsikanayu sankachedwa kuyaka.

Kamoto anali dokotala, ndipo ankaphunzira za opaleshoni pachipatala chachikulu. Tsiku lina akupita kuntchito panjinga yamoto, lole inamuwomba chakumbali. Fupa linathyoka n'kudula mtsempha waukulu wa magazi kuseri kwa bondo. Anathamangira naye kuchipatala chake chomwe, dzuwa likuswa mtengo, anzake onse ali pantchito.

Mwendo umene magazi sakufikako umafa pang'onopang'ono. Iye ankadziwa zimenezi, ndipo ankaliona yekha phazi lake likuyera.

"Phazi likuzizira! Chitanipo kanthu, anthu inu!"

"Tamuimbira katswiri wa mitsempha," anatero dokotala mnzake, maso ali pansi. "Ali kutali, koma wanyamuka. Tidikire."

Pachipatala chonsecho, munthu wodziwa kusoka mtsempha wa magazi anali mmodzi yekhayo. Ena onse sanaphunzitsidwe, ndiponso sankaloledwa. Anamanga bala, anamuika magazi, anamusisita pamutu. Katswiriyo atafika, mwendo unali utafa kale.

Mkulu wa madokotala a opaleshoni, amene onse ankangomutchula kuti Abwana, anabwera kudzamuona atanyamula maluwa.

"Mwana wanga, thokoza Mulungu kuti wakusunga."

"Mulungu wandisungadi, Abwana," anayankha Kamoto. "Koma mwendo mwataya ndinu."

Maluwa aja Abwana anawasiya pawindo, ndipo anafotera pomwepo.

Bala litapola, anabwerera kuntchito akuyendera ndodo ziwiri. Abwana anamukhazika pampando wawofuwofu n'kumuuza kuti amupezera kaofesi kabwino, koti azikonza ndandanda ya ntchito za anzake.

"Opaleshoni imafuna munthu woima nthawi yaitali. Iwe sungathe. Tikukuganizira."

"Mumasoka ndi mapazi kodi?"

Anakangana mpaka tiyi wa Abwana anazizira. Pomaliza mkuluyo anatopa naye.

"Chabwino. Uzichita za phudzi. Palibe amene amazifuna."

Phudzi ndi nthenda imene matumbo amadutsa pamalo ofooka a mnofu wa mimba n'kutupa m'mphechepeche, mwina kutsikira kumunsi. Imakonda anthu onyamula zolemera. Madokotala ofuna kutchuka ankaithawa ntchito imeneyi, ndipo odwala ake ankangouzidwa kuti abwerenso mwezi wamawa, mpaka ena matumbo ankapotana n'kufera panjira.

Tsiku loyamba, Kamoto anaima patebulo la opaleshoni ndi mwendo wochita kupanga. Ali mkati mosoka, chitsa cha mwendo chinayamba kubaya ngati singano zamoto. Thukuta linalowa m'maso. Anamaliza mfundo yomaliza, anabwerera m'mbuyo, n'kugwa pansi ngati thumba.

M'chipinda chosinthira zovala anamva anzake awiri akuseka kuseri kwa makabati. "Amayi a Phudzi agwa ndi phudzi lawo."

Anafika kwa bambo ake mkwiyo utamudzadza. Anavula mwendo uja n'kuuponya pamulu wa zitsulo zakale.

"Ndasiya, Ababa. Asangalale."

Bambowo anazimitsa makina, n'kukweza galasi lawo lakumaso.

"Wasiya chifukwa manja akanika?"

"Manja ali bwino."

"Ndiye ukundisokoseranji? Tebulo lakolo ndi lalitali bwanji? Tandisonyeza apa."

Anamuwotcherera mpando wautali, wamatayala, wokhala ndi popondera phazi. Mkulu wa anamwino a m'chipinda cha opaleshoni anaukana: chitsulo chake chinkachita dzimbiri, ndipo sichikanatsukika bwino. Ankanena zoona. Bambowo anadandaula pang'ono, anapanga wina wa chitsulo chosachita dzimbiri. Umenewo unalowa.

Kuyambira pamenepo Kamoto anasoka phudzi ngati munthu wolipsira. Onyamula matumba pamsika, omanga nyumba, okankha ngolo, onse ankafola pakhomo pake. Ambiri akaona kuti dokotala ndi mkazi ankagwira lamba wa buluku mwamphamvu.

"Bambo, mwasenza chimenechi zaka zonsezi osachita manyazi ndi ululu. Lero mukuchita manyazi ndi ine? Masulani lamba, anzanu akudikira panja."

Ankaseka, n'kumasula.

Koma chinamukwiyitsa china. Amuna ambiri amene anawachita opaleshoni kale ankabwereranso, phudzi litaphulikanso pomwe panasokedwa. Atafunsa chifukwa chake, anzake anangokweza mapewa. "Anthu ake ndi osamva. Amafulumira kunyamula katundu."

"Akapanda kunyamula, ana awo adya chiyani? Mwawafunsa?"

Anapempha chilolezo chochita kafukufuku. Komiti inavomera mosavuta. Wina anachita kunena kuti, "Za phudzi fufuzani mmene mungathere, mayi." Iye anayerekeza njira ziwiri zosokera, ndipo odwala ake sanawasiye pakhomo la chipatala. Ankawatsatira kumsika ndi kumalo omanga nyumba, akutsimphina m'matope, kukaona ngati msoko wagwira munthu atabwerera kuntchito yake yeniyeni. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala. Amene ankamuseka aja anayamba kulowa m'chipinda chake mwakachetechete kudzaonera mmene amasokera.

Ntchito ya phudzi inamupatsanso china. M'mphechepeche momwe ankasokamo ndi momwe mumadutsa mitsempha ikuluikulu yopita kumwendo. Tsiku lililonse ankaiona ikugunda pafupi ndi zala zake, mpaka anasiya kuiopa.

Komabe chimene chinkamudya mumtima chinali pabenchi ina, ya kumalo okonzera miyendo yochita kupanga, kumene iye ankapita mwendo wake ukamasuka zomangira. Pabenchipo sankakhala dokotala. Ankakhala mmodzi wa anthu odulidwa miyendo. Anayamba kuwafunsa anzakewo mmene inathera miyendo yawo. Wina galimoto, wina lata, wina galasi, wina mpeni wa achifwamba. Koma nkhani zonse zinkathera pa mawu amodzi.

"Anatiuza kuti tidikire."

Kamoto anawerenga za njira ina imene madokotala amagwiritsa ntchito kwina: kulowetsa kapaipi kakang'ono kapulasitiki m'mbali ziwiri za mtsempha woduka n'kumanga, kuti magazi azidutsabe mpaka katswiri afike kudzasoka bwinobwino. Anayamba kupempha mitsempha ya mbuzi kwa ogulitsa nyama, n'kumayeserera patebulo la kukhitchini mpaka zala zinazolowera. Kenako anapita kukomiti kukapempha kuti aphunzitse njirayi dokotala aliyense wolandira anthu ovulala, ndipo afufuze ngati miyendo ingapulumuke.

Ulendo uno nkhope zinasintha.

"Mitsempha si phudzi," anatero Abwana. "Iwe ulibe funso la kafukufuku. Uli ndi mkwiyo basi."

Kamoto anaimirira. Anakweza chovala chake mpaka pabondo, anagogoda pulasitiki ija ndi cholembera. Phokoso lake linamveka chipinda chonse.

"Funso langa ndi ili, Abwana. Mukalidziwa yankho lake, ndiuzeni ndikhale pansi."

Koma komiti inamukanizabe. Anakonza pempho lake, anabweranso, anamukanizanso. Anatuluka m'chipindamo akumenyetsa chitseko, ndipo tsiku limenelo analira ali m'chimbudzi, mpopi atautsegula kuti anthu asamve.

Masana ena, ali pakati pa odwala ake a phudzi, namwino analowa akuthamanga. Anabweretsa mayi wosesa mumsewu, galimoto itamuphwanya ntchafu. Mtsempha unali utaduka. Katswiri uja anali kuchipatala china chakutali, ali mkati mwa opaleshoni ina.

Kamoto anagwira phazi la mayiyo. Linali lozizira ngati botolo la mufiriji. Mayiyo anamugwira malaya.

"Adokotala, ndimadyera mwendo womwewu. Musandidule."

Dokotala wachinyamata anali kale ndi foni kukhutu. "Abwana akuti timange bala, tidikire."

Kamoto analanda foniyo.

"Abwana, ndikulowa naye. Ndamufotokozera mayiyu zimene ndikufuna kuchita, ndipo wavomera. Mukafuna kundichotsa ntchito, kalatayo mudzandipatsire patebulo la opaleshoni."

Anamubwezera mnyamatayo foni. "Tiye ukasambe m'manja. Ukaone, chifukwa mawa udzakhala wekha."

Anakwera pampando wake. Magazi anali ponseponse, ndipo mbali imodzi ya mtsempha inali itathawira mkati mwa mnofu. Anaifufuza ndi zala mpaka anaigwira. Anachotsa magazi oundana, analowetsa kapaipi mbali iyi, kenako mbali inayo, anamanga ndi ulusi. Anamasula zopanira mtsempha.

Chipinda chonse chinayang'ana phazi. Kwa kanthawi silinasinthe. Kenako zala zinayamba kufiira, chimodzichimodzi.

"Likutentha," ananong'ona namwino, dzanja lili pachidendene. "Mayo ine, likutentha!"

Katswiri wa mitsempha atafika madzulo, anapeza mwendo wamoyo ukumudikira. Anachotsa kapaipi, anasoka mtsempha, n'kutuluka kudzamupeza Kamoto pakhonde. Anthu awiriwa anali asanalankhulanepo bwinobwino chichitikire ngozi ija.

"Mwendo wanu ndakhala ndikuusenza pamtima nthawi yonseyi," anatero bamboyo. "Tsiku lija ndinathamanga, koma msewu unali wautali."

"Sindinakwiyire inu," anatero Kamoto. "Ndinakwiya kuti munali nokha."

Mmawa mwake kalata yomuitanira kukomiti ya mwambo inafikadi. Analowa awiri, iye ndi katswiri uja. Katswiriyo ananena poyera kuti watopa kufika pamiyendo yakufa, ndipo kuti kafukufukuyo adzamuyang'anira iye mwini. Komitiyo inamulembera Kamoto chenjezo chifukwa chosamvera. Pamsonkhano womwewo, anamupatsa chilolezo cha kafukufuku uja. Abwana sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepesebe.

Musaganize kuti zonse zinayenda myaa. Miyendo ina inafabe, kapaipi kali momwemo. Bambo wina anamwalira patebulo, ndipo amene sankamufuna Kamoto anayamba kuloza zala. Iye sanabise chilichonse. Analemba zimene zinatheka ndi zimene zinakanika, anasintha kamangidwe ka ulusi, anaphunzitsanso anthu ake kuyambira pachiyambi. Pamene kafukufukuyo ankatha, zinaoneka poyera kuti pachipatalapo anthu ovulala mitsempha ambiri ankatuluka ndi miyendo yawo kusiyana ndi kale.

Lero amayendera zipatala zing'onozing'ono, mpando wake uli kumbuyo kwa galimoto, kuphunzitsa madokotala achinyamata kusoka phudzi loti lisabwerenso ndi kusunga mwendo mpaka thandizo lifike. Ophunzira ake amamuopa. Ukamanga mfundo yomasuka, amaidula pamaso pako n'kukuuza kuti uyambirenso.

Tsiku lina mtsikana wina wophunzira, amene anali atalephera mayeso a opaleshoni kawiri, anamufunsa mwamantha: "Aphunzitsi, mkwiyo unatha liti?"

"Ndani wakuuza kuti unatha? Tenga ulusi uwo. Mfundo yako yapendekeka."

Mtsikanayo anakhoza ulendo wachitatu, ndipo anamutumiza kuchipatala chakutali kumene kulibe katswiri aliyense. Patapita miyezi, anaimba foni mawu akunjenjemera. Kamoto anaganiza kuti kwagwa zovuta.

"Aphunzitsi, anabweretsa bambo wina, makina ocheka matabwa atamudula mtsempha wa pamkono. Ndinali ndekha. Ndaika kapaipi. Tsopano akugwedeza zala, akuti ndimupatse madzi akumwa."

"Usamupatse madzi, akupita kuopaleshoni ina!" anakalipa Kamoto. Atadula foni, anakhala pansi, anabisa nkhope m'manja.

Tsono inu, amene anakulakwirani ndipo sanapepese. Inu amene anakukankhirani ku ntchito imene aliyense amaithawa kuti mutope musiye nokha: anthu adzakuuzani kuti muugwire mtima, muiwale. Kuiwala si udindo wanu. Koma mkwiyo wongougonera umatentha mwini wake yekha. Upatseni ntchito. Gwirani chonyozekacho mpaka muchidziwe kuposa aliyense. Akakutsekerani chitseko, konzani pempho lanu mubwerenso.

Lirani ngati misozi yabwera, kalipani ngati pakufunika kukalipa, koma mawa mmawa mudzuke mupite. Mtima wanuwo musautaye, pali wina amene akuudikira.